Imfa ya Olemera ndi Malilime a Amoyo

Mmphawi akamwalira, nkhani yake imatha pa tsiku lometa. Abale amasesa pabwalo, amagawana tizovala take, kenaka aliyense amabwerera ku khasu lake. Koma akamwalira munthu wachuma, makamaka ngati imfayo yadza modzidzimutsa, adzukulu amakwirira thupi lokha. Dzina lake limatsala kunja kuno, nkumayendayenda pakamwa pa anthu. Kuchitsime, pamsika ndi m'basi mumamva za iye. Wina amati adampha ndi abale ake, wina amati chuma chake chidali chamagazi, ndipo winanso amalumbira kuti iye adadziwiratu kale kuti zidzatha motero. Onsewa amayankhula motsimikiza ngati kuti adali pomwepo atanyamula nyali.

Khalidwe limeneli silisankha mtundu, dziko kapena maphunziro. Nkhani imene ndikufuna kuti tiilingalire pano idachitikira kutali, mumzinda wa Toronto ku Canada, dziko la anthu ophunzira, la makhoti amphamvu ndi apolisi okhala ndi zipangizo zonse. Ndidayamba kuitsata pa wailesi ndi m'nyuzipepala ndili pafupi kupuma pa ntchito ya uphunzitsi, ndipo sidachoke m'maganizo mwanga. Chimene chidandikoka sichidali chuma cha anthu amene adafawo, kapena kuopsa kwa imfa yawo, koma zimene amoyo adachita ndi imfayo. Ndi nkhani ya Bambo Barry Sherman ndi akazi awo, Mayi Honey Sherman.

Tiyambe tadziwa kuti anthuwa adali yani, pakuti mphekesera zimayamba ndi kuiwala kuti wonenedwayo adali munthu. A Barry Sherman adabadwa m'chaka cha 1942 ku Toronto komweko. Bambo awo adamwalira iwo akali mwana. Adali ndi mutu wogwira zedi, kotero kuti atamaliza maphunziro pa yunivesite ya Toronto adapita ku America, ku sukulu yotchuka ya Massachusetts Institute of Technology, kumene adatenga digiri ya udokotala wa sayansi mu 1967. Ntchito yopanga mankhwala adaiphunzira pa kampani ya amalume awo, ndipo m'chaka cha 1974 adakhazikitsa kampani yawoyawo yotchedwa Apotex. Mayi Honey adabadwa mu 1947 mumsasa wa anthu othawa nkhondo ku Austria. Makolo awo adali Ayuda amene adapulumuka pa chiwembu cha Hitler chofuna kupululutsa mtundu wawo wonse. Awiriwa adakwatirana mu 1971 ndipo adali ndi ana anayi.

Ntchito ya Apotex njofunika kuimvetsa chifukwa ndiyo idabweretsa chuma, ndiponso ndiyo idabweretsa adani. Kampani ikatulukira mankhwala atsopano, lamulo limaipatsa zaka 20 zoti iyo yokha ndiyo iwapange ndi kuwagulitsa. Zakazo zikatha, makampani ena amaloledwa kupanga mankhwala omwewo, amphamvu yofanana, koma otsika mtengo. Apotex idali kampani yaikulu koposa ya mtundu wachiwiriwu m'dziko la Canada, ndipo idalemba ntchito anthu oposa 10,000. M'chaka cha 2008 idatumiza ku Rwanda mankhwala otalikitsa moyo a anthu amene ali ndi kachilombo ka HIV. A Sherman sadali munthu wodikira kuti zaka 20 zija zikwane mwakachetechete. Ankakokera makampani akuluakulu kukhoti pofuna kuthyola zilolezo zawo nthawi isanakwane, ndipo milandu ya kampani yawo idafika mazanamazana. M'zaka za m'ma 1990 kampaniyi idakanganaso koopsa ndi dokotala wofufuza, Nancy Olivieri, amene adafuna kuchenjeza odwala za kuopsa kumene iye adakuona pa mankhwala ena amene ankayesedwa. Pa nthawi ya imfa yawo chuma cha a Sherman chinkawerengedwa kuti chidaposa madola mabiliyoni atatu a ku America. Iwo ndi akazi awo adapereka mamiliyoni ambirimbiri ku zipatala, masukulu ndi mabungwe othandiza osowa. Tsono apa tikuona anthu enieni: opatsa, olimbikira, okondedwa ndi ambiri, komanso odedwa ndi ena.

Lachitatu pa 13 Disembala 2017 awiriwa adakumana ku likulu la Apotex ndi anthu amene ankawajambulira mapulani a nyumba yatsopano. Limenelo ndilo lidali tsiku lomaliza kuoneka ali moyo. Nyumba yawo yakale, ya mumsewu wa Old Colony, idali pa malonda pa mtengo wa madola a ku Canada pafupifupi 7 miliyoni. Lachisanu pa 15 Disembala m'mawa, munthu wogulitsa nyumba adabwera ndi anthu ofuna kuigula kuti aione. Atatsikira m'chipinda chapansi mmene mudali dziwe losambiramo, adapeza mitembo iwiri itakhala chotsamira m'mphepete mwa dziwelo, itavala zovala zake, makosi atamangiriridwa ndi malamba ku chitsulo chogwirira. Bambo adali ndi zaka 75, mayi 70. Madokotala atapima adapeza kuti onse awiri adafa chifukwa chofinyidwa pakhosi.

Mphekesera yoyamba sidachokere pamsika kapena m'nyumba zomwera mowa. Idachokera kwa anthu amene ntchito yawo ndiyo kuthetsa mphekesera. Madzulo a tsiku lomwelo wapolisi adauza atolankhani kuti padalibe chizindikiro choti munthu adathyola chitseko, ndiponso kuti apolisi sankasaka munthu aliyense. Kutacha, nyuzipepala zidalemba kuti apolisi ena osatchulidwa maina adanong'oneza atolankhani kuti mwina mwamuna ndiye adapha mkazi wake, kenaka nadzipha yekha. Taonani mmene mawu amakulira. Wapolisi adanena zimene sadazione: sadaone chitseko chothyoka. Wonong'ona adawonjezapo mawu akuti mwina. Wowerenga nyuzipepala adataya mawu akuti mwina aja, natsala ndi chigamulo. Dzuwa lisanalowe kachiwiri, nkhalamba ya zaka 75, imene sikadathanso kudziyankhira, idali itasanduka chigawenga m'maganizo mwa anthu mamiliyoni.

Taganizirani ana anayi aja. Lachisanu adamva kuti ataya bambo ndi mayi tsiku limodzi. Loweruka adamva kuti dziko likuti bambo awo ndiwo adapha mayi awo. Kwathu kuno namfedwa timamupatsa mkeka, timamuphikira phala, timayankhula naye motsitsa mawu. Anawa adapatsidwa maliro achiwiri oyamba asanaikidwe. Tsiku lomwelo adatulutsa chikalata chokana mphekeserayo ndi kudzudzula amene adaifalitsa, napempha kuti pachitike kafukufuku wokwanira. Pa 21 Disembala anthu pafupifupi 6,000 adasonkhana mumzinda wa Mississauga kudzakhuza malirowo, ndipo pakati pawo padali Justin Trudeau, amene pa nthawiyo adali nduna yaikulu ya dzikolo. Koma ngakhale pa mwambo waulemu wotero, kunja kwa holo funso lija lidali likuyendabe.

Wina anganene kuti anawo nawonso ankangoganiza, poti ndi mwana uti amene angavomere kuti bambo wake ndi wakupha? Nzoona kuti chikondi chimaphimba maso. Koma anawa sadalekere pa kukana. Adalemba ntchito loya wotchuka, Brian Greenspan, amene adasonkhanitsa apolisi opuma pa ntchito kuti afufuze paokha. Adaitananso dokotala wina wodziwa kupima mitembo, David Chiasson, kuti apime kachiwiri maliro asanaikidwe. Kupima kwachiwiriko kudaonetsa zizindikiro m'mikono zosonyeza kuti anthuwa adamangidwa manja asanafe, ngakhale kuti zomangirazo sizidapezeke pamalopo. Munthu sangadzimange manja, nadzipha, kenaka nkukataya chingwe. Pa 26 Januwale 2018, patatha masabata asanu ndi limodzi, apolisi adalengeza kuti awiriwa adachita kuphedwa, ndiponso kuti wowapha adabwera akudziwa amene akuwafuna. Apa mpamene pali kusiyana pakati pa mphekesera ndi kufufuza. Zonse ziwiri zimayamba ndi kukayika. Koma mphekesera ikakayika imathamangira kukauza mnzake, pomwe kufufuza kukakayika kumabwerera kukaonanso.

Pali chinthu chimodzi pa nkhaniyi chimene chimandisowetsa tulo kuposa zina zonse. Dzina la a Sherman lidatsukidwa chifukwa ana awo adali ndi ndalama zolembera dokotala wachiwiri, loya ndi ofufuza. Nanga akadakhala mlonda wa pa kampani yomweyo ndi mkazi wake, atapezeka atafa m'kachipinda kawo kalendi? Ndani akadawapima kachiwiri? Mawu a madzulo oyamba aja akadakhala chigamulo chomaliza, ndipo zidzukulu zawo zikadakula zikuloza pansi dzina la agogo awo likatchulidwa. Timakonda kunena kuti olemera amanenedwa kwambiri, ndipo nzoona, koma olemera ali ndi chodzitetezera. Wosauka akanenedwa, bodzalo amalowa nalo m'manda. Choncho amene amaseweretsa dzina la womwalira adziwe kuti si nthawi zonse pamene padzapezeke wina wodzakonza zimene iye waononga.

Munthu angayembekeze kuti apolisi atanena zoona zake malilime akadapuma. M'malo mwake mpamene adamasuka. Funso lidangosintha: poyamba lidali lakuti chidachitika nchiyani, tsopano lidakhala lakuti adachita ndani. Ndipo poti a Sherman adakangana ndi anthu ambiri pa moyo wawo, aliyense adapeza wake womuloza. Ena adaloza makampani akuluakulu a mankhwala, nakumbutsa kuti m'buku la Jeffrey Robinson lotchedwa Prescription Games, limene lidatuluka mu 2001, a Sherman eni ake adanenapo kuti ankadabwa kuti adani awo a pa malonda sadawaphe. Ena adaloza asuweni awo, ana a amalume aja, amene adawasumira kukhoti pofuna gawo la chuma cha Apotex, ndipo mlandu wawo udathetsedwa ndi woweruza mu Sepitembala 2017, miyezi itatu yokha imfa isanachitike. Ena adaloza anthu a malonda amene adakongola ndalama kwa a Sherman. Ena adati ndi zigawenga zolipidwa zochokera kunja, ena adati ndi anthu odana ndi Ayuda, ndipo ena, mopanda manyazi, adatembenukira m'banja momwemo nkuyamba kuwerengetsa amene adzalandire chuma cha masiye. Mliri wa Covid-19 utabuka m'chaka cha 2020, pa intaneti padafala nkhani yoti awiriwa adaphedwa chifukwa kampani yawo inkapanga mankhwala a hydroxychloroquine, ngakhale kuti iwo adafa zaka ziwiri matendawo asanadziwike. Mphekesera siyang'ana kalendala.

Tikaziika pamodzi nkhani zonsezi tiona chinthu chodabwitsa. Sizingakhale zoona zonse. Ngati imodzi ili yoona, ndiye kuti zina zonse nzabodza, ndipo anthu onse otchulidwa m'menemo akusenza mtolo umene suli wawo. Komabe yense woinena yake amaikhulupirira ndi mtima wonse. Chimene chimawanyenga nchimodzi: amasokoneza chifukwa ndi umboni. Kukhala ndi chifukwa chodana ndi munthu si kumupha. Wamkulu aliyense amene wakhala zaka 70 pansi pano ali ndi amene adakangana naye, amene adamukongoza, ndiponso amene adzapindule iye akadzafa. Tikadati tizimanga anthu chifukwa chakuti adali ndi chifukwa, bwenzi pa maliro alionse theka la okhuza likuchoka kumanda kulunjika kundende.

Zimenezi ndidaziphunzira bwino m'zaka zimene ndinkayang'anira anyamata ogonera pa sukulu ina. Tsiku lina wotchi ya mnyamata wa Folomu 3 idasowa m'chipinda chogona. Pofika nthawi ya chakudya chamadzulo sukulu yonse idali itadziwa wakuba. Adali mnyamata wina wochokera ku banja losauka, amene sabata yapitayo adakangana ndi mwini wotchiyo pa mzere wa phala. Ndidawaitana anyamatawo mmodzimmodzi, ndipo aliyense ndidamufunsa funso limodzi lokha: “Iwe waona chiyani ndi maso ako?” Woyamba adati adamva kwa wachiwiri. Wachiwiri adati adamva kwa wachitatu. Ndidalondola chingwecho mpaka ndidafika kwa mnyamata wachisanu ndi chiwiri, amene adazyolika nati, “Aphunzitsi, ine ndinangoti mwina ndi iyeyu, poti anakangana.” Patapita masabata atatu wotchiyo idapezeka itagwera kuseri kwa kabati. Ndidalengeza zimenezi pamaso pa sukulu yonse, koma dzina lachipongwe limene anzake adamupatsa mnyamata uja lidamutsata mpaka adalemba mayeso a Folomu 4. Amene adamva bodza adali mazana atatu, ndipo amene adamva choonadi adali mazana atatu omwewo, koma bodza ndilo lidayamba kufika, nkuyala mphasa.

Nanga nchifukwa ninji anthu, ngakhale ophunzira, timathamangira kudzaza mpata ndi nkhani zopeka? Ine ndikuona zifukwa zitatu. Choyamba ndi mantha. Imfa yopanda yankho imatiopsa, chifukwa imatiuza kuti ngakhale mpanda wautali ndi chuma chochuluka sizitchinjiriza munthu. Tikapeza dzina la wolakwa, ngakhale lopeka, mtima umakhala pansi, pakuti timadziuza kuti zidawachitikira iwo chifukwa cha zakutizakuti zimene ife tilibe. Chachiwiri ndi kaduka. Ambirife sitikhulupirira kuti munthu angalemere kwambiri popanda kuponda wina. Kwathu kuno timati adakhwima, ndipo akafa modzidzimutsa timati zizimba zamubwerera. Ku Toronto satchula zizimba, amatchula ziwembu za makampani ndi zinsinsi za m'mabanki, koma mtima wake ngumodzi: tikufuna kuti imfa ya wolemera ikhale chilango, kuti umphawi wathu uoneke ngati chilungamo. Chachitatu ndi kukoma kwa kuoneka wodziwa. Amene wabwera ndi nkhani yatsopano amapatsidwa mpando, anthu amasiya zimene akuchita nkumumvetsera. Amene wanena kuti tidikire umboni palibe amamuitanira tiyi.

Kale mphekesera inkayenda ndi miyendo, ndipo inkatopa. Ikafika mudzi wachitatu inkakumana ndi wina wodziwa mwini nkhani, nkuibweza. Woinena ankadziwika nkhope, kotero kuti akanama ankatha kuitanidwa kubwalo kwa amfumu kukalipa nkhuku kapena mbuzi. Masiku ano imayenda pa foni ya m'manja. Munthu wobisa dzina lake amalemba chiganizo chimodzi usiku, ndipo kukamacha chawoloka nyanja. Sichifufutika, chimakhala pomwepo kudikira mdzukulu wa wonenedwayo kuti adzachiwerenge akadzakula. Inu amene mukuwerenga nkhani ino muli ndi mphamvu imene agogo anu adalibe, yoyankhula ndi anthu zikwizikwi muli gone pamphasa. Mphamvu yotere imafuna mtima wodekha kuposa umene agogo anuwo ankafunika kukhala nawo.

Komatu ndisamveke ngati ndikuti anthu azikhala chete imfa yokayikitsa ikachitika. Kukhala chete nakonso kumapha chilungamo. Ana a Sherman akadakhala chete, bwenzi bambo awo akutchedwabe wakupha. Mu Okutobala 2018 loya wawo uja adaima pamaso pa atolankhani nadzudzula apolisi poyera kuti sadafufuze mokwanira m'nyumbamo m'masiku oyambirira, ndipo mkulu wa apolisi adayankha poteteza anyamata ake. Kukangana kotero nkwabwino, chifukwa onse awiri adaonekera nkhope ndipo adatchula zinthu zimene munthu angathe kuziyesa. Chimodzimodzinso mtolankhani wa nyuzipepala ya Toronto Star, Kevin Donovan, amene adatha zaka akufunsa anthu ndi kupempha makhoti kuti atsegule zikalata zimene zidabisidwa. Mu 2019 adatulutsa buku lonena za nkhaniyi lotchedwa The Billionaire Murders. Pamene oyang'anira chuma cha masiye adafuna kuti mafailo a chumacho akhale otseka, iye adalimbana nawo mpaka ku khoti lalikulu koposa la Canada, limene mu Juni 2021 lidagamula kuti atsegulidwe, ponena kuti ntchito za makhoti ziyenera kuchitikira poyera pokhapokha patakhala chifukwa chachikulu zedi. Banja lomwelo limene lidavulazidwa ndi mphekesera lidagonja pa mlandu umenewu, ndipo ine ndikuona kuti khoti lidachita bwino. Pamene zikalata zabisidwa mpamene manong'onong'o amanenepa. Mankhwala a mphekesera si kutseka pakamwa pa anthu, koma kutsegula zitseko kuti aone okha.

Tsono wofunsa ndi wonena miseche timawasiyanitsa bwanji, poti onse awiri amayamba ndi mawu akuti kodi? Wofunsa amapita ndi funso lake kwa amene angathe kuliyankha: wapolisi, dokotala, woweruza, mboni. Wamiseche amapita nalo kwa amene sangathe kuliyankha, koma angathe kulifalitsa. Wofunsa amatchula dzina lake ndipo amavomera kutsutsidwa. Wamiseche amabisala kuseri kwa mawu akuti akuti. Wofunsa akapatsidwa umboni wotsutsa maganizo ake amasintha. Wamiseche akapatsidwa umboni amati amene waubweretsayo nayenso adadyetsedwa ndalama. Pajatu akuluakulu adati kandimverere adakanena za m'maluwa, ndiponso adati kuona maso a nkhono nkudekha.

Zimene zidatsatira pambuyo pake nzochepa. Mu Okutobala 2018 banja lidalonjeza mphotho ya madola a ku Canada 10 miliyoni kwa aliyense wopereka uthenga wothandiza kugwira wakuphayo. Mu 2019 nyumba ya mumsewu wa Old Colony idagwetsedwa pa pempho la anawo, amene adati sakadatha kupirira kuiona. Mu Disembala 2021 apolisi adaonetsa kanema wamfupi wojambulidwa ndi makamera a m'nyumba zoyandikana usiku wa pa 13 Disembala 2017, woonetsa munthu akuyenda pa chipale chofewa, nkhope yosaoneka, akuponya phazi lamanja mwachilendo, ndipo adati ameneyo ndiye akumuganizira. Mu Disembala 2022 mwana wamwamuna wa malemuwo adawonjezera madola 25 miliyoni, mphotho yonse nkufika 35 miliyoni. Mu 2023 kampani ya Apotex idagulitsidwa kwa eni ena a ku America. Pamene zaka zisanu ndi ziwiri zinkakwana mu Disembala 2024, padalibe munthu ndi mmodzi yemwe amene adamangidwa kapena kuzengedwa mlandu pa imfa imeneyi.

Taonani tsono kulemera kwa zinthu ziwirizi pa sikelo. Mbali imodzi kuli mawu mamiliyoni amene adayankhulidwa ndi kulembedwa ndi anthu otsimikiza kuti akudziwa. Mbali inayo kuli zizindikiro za m'mikono zimene dokotala adaziona, ndi masekondi owerengeka a kanema wa munthu woyenda mumdima. Zochepazi ndizo zidasuntha mlandu. Zochuluka zija sizidausunthe ndi pang'ono pomwe, koma zidasiya zipsera pa anthu amoyo amene khoti silidawapeze ndi mlandu uliwonse. Pali amene amalowa m'sitolo anthu nkutsitsa mawu. Pali ana amene anzawo kusukulu adawafunsa za agogo awo. Wakupha weniweni, kulikonse kumene ali, phokoso lotere limamukomera, pakuti pamene zala zikuloza mbali khumi, palibe chala chimene chikuloza iye yekha.

Inu ophunzira, ena mwa inu mudzakhala apolisi, ena atolankhani, ena anamwino, ena aphunzitsi, ndipo nonse mudzakhala pa maliro. Tsiku lina mudzakhala inu woyamba kufika pamalo, ndipo anthu adzakuzingani kufuna kumva. Mawu amene mudzatulutse madzulo amenewo adzayenda mtunda umene simudzatha kuwatsata. Musanatsegule pakamwa, dzifunseni zitatu. Kodi ichi ndachiona, kapena ndachimva? Ngati ndachimva, amene wandiuzayo adachiona? Ndipo ngati chili chabodza, ndani adzachisenze? Funso lachitatuli ndilo anthu amaliiwala, chifukwa amene adzasenze sakhala pa bwalo pamene nkhani ikukambidwa. Amakhala m'nyumba ya siwa, akulira.

Sichamanyazi kuyankha kuti umboni sunakwane. Pa ntchito yanga yonse ya uphunzitsi, mwana amene ndinkamudalira sadali uja wokweza dzanja funso lisanathe, koma uja woyamba wawerengetsa. Makolo athu adati mlandu suola. Mwambi umenewu ndi chenjezo kwa wolakwa, kuti ngakhale padutse zaka, tsiku lake lidzakwana. Komanso ndi malangizo kwa ife otsala, kuti palibe chotithamangitsa kugamula lero ndi pakamwa zimene ziyenera kugamulidwa ndi umboni. A Barry ndi a Honey Sherman adalandidwa moyo ndi munthu amene adalowa m'nyumba mwawo usiku. Ulemu umene womwalira aliyense, wolemera kapena wosauka, ayenera kupita nawo kumanda, umenewo sulandidwa ndi chigawenga. Amalanda ndife, masana, tikucheza.